Kodi Ngũgĩ waima tsidya liti la mtsinje?

Mayi wina wandilembera imelo atamaliza kuwerenga The River Between, buku la Ngũgĩ wa Thiong'o. Akufunsa ngati mlembiyu akuikira kumbuyo miyambo ya Agikuyu, mtundu wa anthu a ku Kenya, kuphatikizapo mdulidwe wa atsikana, kapena ali kumbali ya amishoni ndi sukulu zawo.

Mayi, ine ndimaona kuti Ngũgĩ anakana dala kutipatsa tsidya loti tithawireko. Bukuli linatuluka mu 1965, koma mkangano wake ndi weniweni, wa mu 1929. Chaka chimenecho amishoni a Church of Scotland, motsogozedwa ndi Dr John Arthur, anafuna kuti akhristu awo alonjeze kusiya mdulidwe wa atsikana. Ambiri anatuluka mumpingo n'kukayambitsa sukulu ndi mipingo yawoyawo. Pa nthawiyo n'kuti atsamunda atalanda kale minda yachonde, ndiye kukhudzanso mwambo kunali kuthira tsabola pachilonda.

M'bukuli, amene amandigwira mtima kwambiri ndi mtsikana wotchedwa Muthoni. Bambo ake, Joshua, ndi mlaliki wouma mtima wa ku phiri la Makuyu, kumene kuli akhristu. Mtsikanayu sanataye Yesu ayi. Ankangofuna kukhala mkhristu, komanso mkazi wokwanira pamaso pa anthu a mtundu wake. Anawoloka mtsinje wa Honia kupita ku phiri la Kameno, kumene anthu amasunga miyambo, anadulidwa, chilonda n'kukana kupola. Anamunyamula ulendo wautali mpaka kuchipatala cha mishoni ku Siriana, kumene anamwalira. Chimene chimandiwawa n'chakuti mbali zonse ziwiri zinasandutsa imfa yake umboni wakuti izo ndizo zolondola, pomwe bambo ake anali atamukana kale. Ife amene tinaonapo mabanja akugawikana chifukwa mwana wa mkulu wa mpingo walowa kudambwe, ululu umenewu tikuudziwa.

Musandimve molakwa. Mdulidwewo ndi umene unapha mwanayo, ndipo Ngũgĩ sakubisa. Ndimayamikira kuti dziko la Kenya linauletsa ndi lamulo mu 2011. Koma Waiyaki, mphunzitsi wa m'bukuli, anafika pozindikira kuti ukazula mwambo osaika china m'malo mwake, anthu amatsala padzuwa. Iye ankakhulupirira kuti sukulu ingalumikize mapiri awiriwo, nachedwa kuona kuti anthu akulira minda yawo. Pomaliza anaperekedwa m'manja mwa akuluakulu a Kiama, bungwe loteteza miyambo ya mtundu wawo, pamodzi ndi Nyambura, mkulu wake wa Muthoni, mtsikana wosadulidwa amene iye anakana kumutaya pamaso pa khamu lonse.