Dzimbiri pa stainless steel ya m'mbali mwa nyanja ya mchere

Achimwene, mwafunsa ngati abwana anu ku Hout Bay, m'mbali mwa nyanja ku Cape Town, anawagulitsa zachinyengo, popeza zitsulo zogwirira za pakhonde zayamba mawanga a dzimbiri chonsecho ndi stainless steel. Mwina sanawapusitse ayi. Chitsulo chimenechi chimakhala ndi chromium (mtundu wina wa chitsulo) wosachepera 10.5 peresenti, ndipo chromium akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso. Kakhungu kameneka ndi kamene kamatchinga dzimbiri, ndipo mdani wake wamkulu ndi mchere. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja ya kumeneko muli mchere pafupifupi magalamu 35. Mphepo imaunyamula, umaumira pachitsulo, kenako umaboola timaenje. N'chifukwa chake chitsulo chomwecho ku Mangochi chimakhala zaka chikunyezimira, poti nyanja yathu ilibe mchere wotere.

Chonde musakweche ndi steel wool kapena bulashi ya waya. Tizidutswa tachitsulo wamba timatsalira pamenepo n'kuyamba dzimbiri, ndiye mumaona ngati vuto lakula. Jik musayerekeze n'komwe, ngakhalenso asidi wa mu swimming pool, chifukwa zonsezi zimadya kakhungu kaja kuposa mchere weniweniwo.

Yambani n'kutsuka ndi sopo ndi madzi a pampopi. Kenako pakani mankhwala ochotsa dzimbiri okhala ndi oxalic acid kapena citric acid, mutavala magolovesi. Pukutani ndi chokwechera cha nayiloni motsata mizere ya chitsulocho, osati modutsa. Tsukuluzani ndi madzi ambiri, muumitse, musiye pamtetete. Kakhungu kaja kamabwerera kokha malinga mpweya ukufika.

Muyang'anitsitse pansi pa mawashala, m'mphepete mwa mabawuti ndi pamene anawotcherera. M'malo obisika otere madzi a mchere amakhazikika, mpweya sufika, ndipo chitsulo chimadyeka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Pakhonde la pamwamba zimenezi n'zoopsa ndithu, munthu amatsamira ndi thupi lonse. Onaninso pamutu pa bawuti. Pakalembedwa A2, imeneyo ndi stainless steel ya mtundu wa 304, ya kukhitchini ndi kumtunda. Yoyenera kunyanja ndi A4, yomwe ndi 316, chifukwa ili ndi molybdenum (chitsulo chothandiza kupirira mchere) 2 mpaka 3 peresenti. Maginito sangakusiyanitsireni ziwirizi.

Mukapeza timaenje takuya kapena ming'alu powotcherera, auzeni abwana aitane mmisiri asinthe. Ngati ndi mawanga apamwamba chabe, mukachotsa muzitsukuluza ndi madzi a pampopi mlungu uliwonse, makamaka mbali za pansi pa denga zimene mvula sizifikako.