Fizi musalipire musanakaone makompyuta awo

Achemwali, mwafunsa ngati mwana apite ku koleji kukaphunzira graphic design (kukonza makadi, zikwangwani ndi ma logo pa kompyuta). Mwanayo apite ndithu, graphic design imadyetsa munthu, koma fizi musalipire musanakaone ndi maso anu. Pitani ku kolejiko pakati pa sabata muwerenge makompyuta amene akuyaka, osati amene angokhala pa tebulo. Ana atatu pa kompyuta imodzi ndiye kuti awiri akungoonerera. Mufunsenso ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015 amadziwika kwambiri ndi ukalipentala, kuwotcherera, kusoka, zamagetsi ndi ICT, ndiye musadabwe mutapeza kuti design yake ndi kagawo chabe ka ICT.

Koma chimene chimandiwawa ine si makompyuta ayi. Mwana amamaliza akudziwa kukongoletsa pa sikirini, za kosindikizira palibe anamuuza, ndipo kumeneko n'kumene ndalama zimathera.

Zimayenda chonchi. Wapeza kasitomala wake woyamba, makadi a chinkhoswe kapena a nikah, tinene 200. Wapanga mu Photoshop pa RGB, mitundu ya pa sikirini, chifukwa ndi mmene pulogalamu inatsegukira. Makina osindikizira amagwira ndi CMYK, mitundu inayi ya inki, ndiye buluu wowala uja amatuluka wofooka, wopita ku pepo. Chithunzi cha akwati analandira pa WhatsApp ngati photo, WhatsApp inachifinya, pa foni chikuoneka bwino koma pa pepala nkhope zangoti mbuu. Khadi limafuna 300 dpi (timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi) pa saizi yake yeniyeni. Sanasiye bleed (chithunzi kupitirira pamene mpeni udzadule) ya mamilimita 3 mbali zonse, ndiye mpeni podula wasiya kamzere koyera m'mphepete, ndipo nambala ya foni imene anaikanikiza kumapeto yadulidwa theka. Ngati anapanga mu pulogalamu ya CorelDRAW osasandutsa zilembo kukhala zojambula zosadalira font, zimene amati ma curves (ndi Ctrl+Q basi!), kompyuta ya kosindikizira ilibe font yake, yaikapo ina, mayina a akwati atuluka m'mizere. Kuno kwathu palinso la Chiarabu. Mawu a Bismillah akangowamata mu pulogalamu imene sinakonzedwe kulemba kuchokera kumanja, zilembo zimalekana n'kuyenda chobwerera, mwana wosadziwa Chiarabu saona cholakwika chilichonse. Amaona ndi ashehe, makadi atagawidwa kale.

Ndiye ganizani katunduyo wasindikizidwa ku Blantyre, wafika pa minibasi Lachisanu madzulo, mwambo ndi mawa. Ankhoswe aima pakhomo, ndalama ya eni ake yapita, yosindikiziranso palibe. Mwana wa zaka 20 amangogwira pakamwa.

Ndipo eni malo ena osindikizira, Mulungu awaone. Fayilo akaitsegula amaona ndithu kuti yalakwika, ntchitoyi aigwira zaka zambiri, koma poti ndalama yalowa amangodina print. Ukadandaula akuti "tasindikiza zimene munatumiza." Kuimba foni ya mphindi imodzi kukanawaphera chiyani? Omwewonso akatenga mwana pa attachment amamusandutsa wa photocopy ndi wokagula chips, miyezi n'kutha asanakhudze makina a banner. Makasitomala nawonso, "tangondipangirani ka logo, si kanthu kakang'ono?" Asinthitsa kasanu, kenako atenga chithunzi chimene unawatumizira kuti aone n'kukasindikiza kwina, iwe osaona ngakhale ya airtime.

Komabe attachment apite komweko kosindikizira, ngakhale azimutuma chips. Akangoima pafupi ndi makina adzaona yekha mmene amadulira, kusiyana kwa pepala la 80gsm ndi khadi la 300gsm (gsm ndi kulemera kwa pepala), chifukwa chake banner yaikulu imakwana pa 100 mpaka 150 dpi poti anthu amaionera patali, ndi chifukwa chake zilembo zing'onozing'ono zakuda zimaikidwa inki yakuda yokha, imene amati K100, kuti zisaoneke zamthunzi. Satifiketi ndanena muifufuze, inde, koma kunena zoona mwini loji ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay sadzaifunsa, adzati ndionetse menyu ndi zikwangwani zimene unapangapo. Ayambe tsopano kusunga ntchito zake, zosindikiza kale osati za pa foni zokha.

Laputopu mumugulire yake, ya kaunjika ilibe vuto bola RAM isachepere 8GB, ikhale ndi SSD (chosungira mafayilo chachangu) komanso batire yamoyo, chifukwa magetsi akathima ntchito ili pakati asanasevu ndiye misozi. Kutentha kwa kuno ndi fumbi zimapha malaputopu, asamaike pa matiresi, azipukutitsa fani. Ndalama ya Adobe, eni ake a Photoshop, ikavuta, Inkscape ndi GIMP ndi zaulere ndipo n'zokwanira kuphunzirira, kusiyana ndi mapulogalamu a pa flash amene amabwera ndi mavairasi. CorelDRAW aidziwe ndithu poti malo ambiri osindikizira amagwiritsa imeneyo, ndipo azifunsa version yawo, fayilo ya version yatsopano imakana kutseguka mu yakale. Chabwino koposa azitumiza PDF, pa WhatsApp aziika ngati document.

Ntchito asayambe opanda theka la ndalama m'manja. Chithunzi choonetsa kasitomala chizikhala ndi watermark (dzina lake lodindidwa pamwamba kuti asakasindikize kwina), ndipo kasitomalayo awerenge yekha mayina, tsiku ndi manambala n'kulemba pa WhatsApp kuti zili bwino, fayilo isanapite kosindikizira.