Funsani Mkonzi: Zoona aletsa Khrisimasi ku Mangalande?

A Mkonzi, mugulu lathu la azimayi a kutchalitchi pa WhatsApp mwalowa voisi noti yoti ku Mangalande boma laletsa Khrisimasi, akuti ukaika mtengo wa magetsi apolisi akumanga koma ma TV akumeneko anawatseka pakamwa. Mwana wa achemwali anga ali ku Birmingham akuti ndi bodza, nanga sangakhale akungoopa kuyankhula? — Mayi wa ku Matero, Lusaka

Mayi, mwanayo mkhulupirireni, sakuopa kanthu. Mphekesera imeneyi ndi nkhalamba, imadzuka Disembala aliyense. Muzu wake umodzi uli ku Birmingham komweko, mu 1997 ndi 1998 khonsolo ya mzindawo inaika zochitika za miyezi yozizira pansi pa dzina limodzi loti Winterval pofuna kukopa anthu kumashopu, Khrisimasi ili momwemo ndi magetsi ake, koma nyuzipepala zina zinalemba kuti Khrisimasi yafufutidwa ndipo zinaibwereza zaka ndi zaka mpaka Daily Mail inachita kulemba yokha mu 2011 kuti inalakwitsa. Ndiye onani, vuto la kumeneko ndi nyuzipepala zolongolola mopitirira, zoti zingakhale chete boma litaletsadi Khrisimasi iwalani, zikanakuwa mpaka mawu kusasa.

Sikuti zoletsa kulibe. Mangalande yemweyo analetsapo mu 1647 nthawi ya a Puritan, Akhristu okhwimitsa malamulo a chipembedzo, mpaka ufumu utabwerera mu 1660. Ku Cuba Khrisimasi inachotsedwa pa maholide mu 1969, inabwerera pomwe Papa John Paul II amakonzekera ulendo wake wa mu Januwale 1998. Brunei ndi Somalia mu 2015 analengeza kuti osakondwerera poyera. Ngakhale kwathu kuno, Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni atsamunda anaiimitsa itangotha nkhondo ya 1898, inadzayambanso 1980, nayo Kulamba ku Mkaika inabwerera 1984. Zonsezi palibe inachitika mobisa, woletsa amafuna mumve kuti muope, lamulo lonong'ona ligwira ndani?

Za kutseka pakamwa atolankhani, dziko lililonse lili ndi katsekedwe kake. Ku China amatseka chitseko chenichenicho, Facebook simalowa kuyambira 2009. Ku Uganda mu 2018 anangoika msonkho, ma shilling 200 patsiku kuti utsegule WhatsApp, wosauka n'kudzitsekera yekha. A ku Malawi akuluakulu akukumbukira bodi yoona za mabuku ndi mafilimu ya nthawi ya Kamuzu, ndipo TV yawoyawo anadzaiona 1999, ife ZNBC titatopa nayo kale.

Kuno ku Zambia, ine ndimati timatseka mwaulemu, ndi mapepala. Nyuzipepala ya The Post inatsekedwa mu 2016 pa nkhani ya misonkho, Prime TV anailanda laisensi mu 2020, ndipo pa 12 Ogasiti 2021 tsiku lovota mukukumbuka momwe anthu pamzere amakwezera mafoni m'mwamba kusaka netiweki, WhatsApp ili zii, anyamata ali kalikiliki kuikirana VPN, pulogalamu yozembera potsekedwa pa intaneti, mpaka khoti linalamula kuti atsegule. Koma taonani, tsiku lomwelo Matero yense anadziwa kuti atseka, m'minibasi nkhani inali yomweyo. Ndiye dziko la anthu mamiliyoni, aliyense foni kumanja, lingabise bwanji kuti kulibe Khrisimasi?

Voisi notiyo ifunseni zitatu basi: walamula ndani, liti, nanga chilango chake n'chiyani. Ikamangoti "akuti akuti" kenako "tumizani kwa anthu khumi ngati mumakonda Yesu", mabandulo anu asungeni. Ndipo samalani, malamulo a za pa intaneti alipo kuno kuyambira 2021 ndipo anawasinthanso 2025, zomwe mumaforowada zimayenda ndi nambala yanu. Muuzeni mwanayo aime pa msika wa Khrisimasi wa pa Victoria Square akuimbireni vidiyo kolo, foniyo muwapatsire amayi amene anatumizawo aone okha.