Kodi gilisalini amadetsa khungu?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti June akafika miyendo yake imatuwa mbuu, ndiye anagula gilisalini, koma anzake kuntchito amuuza kuti asiye chifukwa ada. Akufunsa ngati n'zoona.

Achemwali, si zoona. Koma mawu akuti "muda" amenewo andisowetsa mtendere sabata yonse, ndiye mundilole ndilankhule kaye.

Ndinakulira ku Kawale, nyumba imodzi ndi msuweni wanga. Anali wakuda bii, khungu losalala lopanda chipsera n'chimodzi chomwe. Tikapita kotunga madzi, azimayi ankati, "Mwanayu ndi wokongola, koma kudaku." Anamva mawu amenewa kuyambira ali kamtsikana mpaka kukula. Atangoyamba ntchito anayamba kugula timachubu ta mafuta oyeretsa khungu pamsika. Poyamba anayeradi, ndipo omwe ankamunena aja ndi amene anayamba kumuyamikira. Kenako masaya anapsa, khungu linapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, ziphuphu zinabuka, ndipo akayesa kusiya nkhope inkayabwa ngati waikhudzitsa chitedze. Kuchipatala anamuuza kuti m'machubumo munali clobetasol, mankhwala amphamvu a matenda a pakhungu omwe munthu sayenera kudzola tsiku ndi tsiku popanda dokotala. Mpaka lero satuluka m'nyumba asanaphimbe masayawo.

Mafuta ena otere amakhala ndi hydroquinone, yemwe ukamudzola nthawi yaitali amasiya mawanga akuda ovuta kuchotsa. Ena ali ndi mercury, amene amawononga impso. Dziko la Côte d'Ivoire, kumadzulo kwa Africa, linaletsa mafuta amenewa mu 2015. Ife kuno timaopa kabotolo ka gilisalini, koma kachubu kopanda ndi dzina lomveka la wopanga timakalandira ndi manja awiri. Zimenezi zimandipweteka. Ndikunena poyera: mnzanu amene akukuopsezani ndi kuda sakukufunirani zabwino, ngakhale iye akuganiza kuti akukuthandizani. Mawu omwewo ndi amene anapsereza msuweni wanga.

Agogo athu ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuyengula mafuta pamwamba. Ankadzola kuti khungu lisang'ambike, tsitsi lifewe. Panalibe wofunsa ngati mafutawo ayeretsa. Ndipo mu Lilongwe muno kuyambira May mpaka October mvula kulibe, mphepo ya mwera ikuwomba, fumbi lili koboo, khungu lililonse limauma. Gilisalini nayenso si wachilendo. Katswiri wa sayansi Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anamutulukira mu 1779 akutenthetsa mafuta a olivi, ndipo amapezekanso popanga sopo. Werengani kumbuyo kwa botolo la losheni yanu kapena mankhwala otsukira mano, mwina mumupeza atalembedwa kuti glycerin.

Kadzoledwe kake

Ntchito ya gilisalini n'kukoka madzi ndi kuwasunga pamwamba pa khungu. Kutuwa kuja ndi khungu louma lomwe likufunduka. Likanyowa, mtundu wanu weniweni umabwerera, anthu n'kumati mwada. Chodetsa khungu ndi dzuwa. Komanso gilisalini wosasungunula amamata, fumbi n'kukakamira.

Ndiye mukangosamba, thupi lisanaumiretu, donthezani pang'ono m'manja, onjezani madzi kapena losheni, dzolani. Pa zidendene za ming'alu pakaninso Vaseline pamwamba kuti madziwo asathawe. Kutsitsi, sakanizani pang'ono ndi madzi ambiri m'kabotolo kopopera, ndipo muzipanga watsopano pakapita masiku ochepa chifukwa zosakaniza ndi madzi sizichedwa kuwonongeka. Khungu likayamba kuyabwa kapena kutupa, siyani mupite kuchipatala.