Chifukwa chake a Cassim Chilumpha sanachoke pampando

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera imelo kufunsa kuti zinatheka bwanji kuti a Cassim Chilumpha amangidwe pa mlandu woukira boma koma n'kukhalabe wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mpaka 2009. Mayi, yankho lili m'malamulo aakulu a dziko lino, koma mundilole ndiyambire kumbuyo pang'ono.

A Chilumpha ndi mbadwa ya ku Nkhotakota ndiponso katswiri wa zamalamulo, ndipo mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi anayendetsapo maunduna akuluakulu monga a zachitetezo, zachilungamo ndi zachuma. Pa chisankho cha 2004 chipani cha UDF chinawaika kukhala wachiwiri kwa a Bingu wa Mutharika, kotero kuti amene anachonga Mutharika anachonganso Chilumpha pa pepala lomwelo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mu February 2005 a Mutharika anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, koma a Chilumpha anakana kuwatsata. Kuyambira pamenepo akuluakulu awiriwa sankamweranso madzi. Mu February 2006 boma linalengeza kuti a Chilumpha adzichotsa okha pa udindo chifukwa sankapita ku misonkhano ya nduna, chikhalirecho iwo anali asanalembe kalata iliyonse yotula pansi udindo. Ndikukumbukira tsikulo tili pakhonde, wailesi ili pa mpando, malume anga akupukusa mutu n'kumafunsa kuti munthu amasiya bwanji ntchito iye mwini osadziwa. Nkhaniyo inapita ku khoti, ndipo khoti linaimitsa ganizo la boma.

Nduna amaisankha ndi pulezidenti, ndipo akhoza kuichotsa m'mawa uliwonse popanda kupereka chifukwa. Wachiwiri wosankhidwa ndi anthu sangachotsedwe motero. Gawo 86 la malamulo aakulu limanena kuti njira yake n'kudzera ku nyumba ya malamulo, kumene aphungu ayenera kumva milandu yake ndi kuvomereza mwaunyinji kuti achoke. Pa nthawiyo aphungu otsutsa boma, a MCP ndi UDF, ndiwo anali ambiri, choncho kwa a Mutharika njira imeneyo inali yotsekeka.

Kumapeto kwa April 2006 apolisi anamanga a Chilumpha powaganizira kuti anakonza chiwembu chopha pulezidenti pogwiritsa ntchito anthu ochokera ku South Africa, mlandu umene iwo anaukana. Anagona ku ndende ya Maula, kenako anawatsekera kunyumba kwawo ku Blantyre. Koma kuganiziridwa mlandu si kupezeka wolakwa, ndiye udindo unakhalabe wawo ngakhale kuti ntchito yake sankaigwira. Lamulo lomweli ndilo linateteza mayi Joyce Banda, amenenso anali wachiwiri kwa a Mutharika, atachotsedwa mu DPP mu December 2010, mpaka analowa pampando mu April 2012 a Mutharika atamwalira.

A Chilumpha anabwerera ku nyumba ya malamulo mu 2009 ngati phungu woima payekha wa kummwera kwa Nkhotakota, ndipo mu 2012 mayi Banda anawapatsa unduna wa zamphamvu zamagetsi. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mlandu waukulu chonchi sunazengedwe mpaka pamapeto, moti Amalawi sitinamve chigamulo pa umboniwo. Khoti lalikulu linawamasula ku mlanduwo mu 2023, patatha zaka 17 chiwamangireni.