Mafayilo asanduka ma shortcut: kodi ndifomate kompyuta yanga?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera: "Ndimataipa ndi kupulinta zikalata kunyumba, monga makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Makasitomala amabwera ndi mafulashi awo. Tsopano mafayilo a mufulashi yanga onse asanduka ma shortcut, kompyuta ikuchedwa kuyaka, ndipo bandulo ikumatha ngati madzi otungira m'dengu. Mnyamata wokonza makompyuta akuti tingofomata, koma m'menemo muli Excel ya angongole anga. Nditani?"

Mayi, musafomate kaye (kufomata ndi kufufuta zonse za m'kompyuta n'kuikamo Windows mwatsopano). Kompyuta ikafomatidwa imachira, koma dzina la amene anatenga ngongole limapita nayo limodzi, ndipo wangongole sabwera yekha kudzakukumbutsani. Chuma chanu m'makinamo ndi mafayilo ndi mapasiwedi, choncho tiyambe kupulumutsa zimenezo.

Mafayilo a mufulashi sanafufutike. Vayirasi ya mtundu umenewu imabisa mafoda enieni n'kuika ma shortcut, timafayilo tongolozera kwina, okhala ndi mayina omwewo. Mukadina, kapulogalamu kobisika kamayamba kugwira ntchito, kenako foda yanu imatseguka ngati palibe chachitika. Kamadzilemba m'gulu la zoyamba kuyaka kompyuta ikamayatsidwa, n'kumapatsira fulashi iliyonse yolowa. N'chifukwa chake kutsuka fulashi yokha n'kutaya nthawi: mukaibaya pa kompyuta yodwala, imadwalanso pompo.

Choyamba tengani foni, osati kompyutayo, musinthe mapasiwedi. Mapulogalamu ambiri oipa masiku ano amaba mapasiwedi osungidwa mu Chrome, ndipo mukasinthira pa makina odwalawo mwangowapatsa atsopano. Yambani ndi Gmail, poti ndiyo kiyi yotsegulira zina zonse, muyatsenso 2-Step Verification, yomwe imafuna kuti mutsimikizire pa foni kuwonjezera pa pasiwedi. Kenako Facebook. Ngati munkalowa ku banki pa kompyutayo, imbirani banki yanu lero, muonenso sitetimenti. PIN ya Mpamba kapena Airtel Money ili bwino ngati mumangoigwiritsa ntchito pa foni, pokhapokha ngati munailemba mufayilo ina m'kompyutamo, zomwe ambiri amachita ngakhale savomera.

Mukatero koperani zofunika ku fulashi yatsopano kapena ku Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere. Mu File Explorer pitani pa View muchonge File name extensions kuti muzione mathero a dzina la fayilo iliyonse. Tengani za .docx, .xlsx, .pdf ndi .jpg zokha. Za .exe, .vbs, .js, .scr ndi .lnk zisiyeni, ngakhale dzina lake likhale lokoma bwanji. Fayilo yotchedwa "invoice.pdf.exe" si invoisi.

Potsuka simufunika kugula kanthu. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Microsoft Defender. Tsegulani Windows Security, pitani pa Virus & threat protection, mudine Check for updates, kenako muzimitse intaneti. Musanayambe kusikana, lowani pa Manage settings mutsike mpaka pa Exclusions. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mapulogalamu otsegulira Windows kapena Office mwachinyengo amafuna kuti Defender auzidwe kusayang'ana mafoda ena, ndipo vayirasi imakabisala momwemo. Chilichonse chomwe simunaikepo nokha chichotseni. Ndiye pa Scan options sankhani Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta idzazima n'kuyakanso yokha, n'kusikana kwa mphindi pafupifupi 15 Windows isanadzuke, nthawi yomwe vayirasi sinathe kudziteteza. Chitani izi batire itadzaza kapena magetsi ali odalirika. Ikatha, chitaninso Full scan, yomwe imatha kutenga maola angapo, choncho ndi bwino kuisiya usiku.

Maso awiri amaposa limodzi: Malwarebytes yaulere, yotengedwa pa webusaiti yake yeniyeni, imagwira zina zomwe Defender wadumpha. Koma musakhale ndi ma antivirus awiri olondera nthawi imodzi, amalimbana okhaokha kompyuta n'kumakwawa.

Za bandulo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager atseguke, muone chomwe chikudya Network ndi CPU inu musakuchita kanthu, ndipo pa Startup muzimitse zosadziwika. Nthawi zina wakuba bandulo si vayirasi ayi, ndi Windows Update. Ngati mumagwiritsa ntchito hotspot ya foni, ikani netiwekiyo pa Metered connection kuti Windows ichepetse kudya bandulo, koma muzipatula tsiku limodzi pamwezi loti ma update alowe.

Kompyuta ikayera, bayani fulashi ija osatsegula kanthu. Dinani kumanja pa dzina lake musankhe Scan with Microsoft Defender. Onani chilembo chake, tinene kuti ndi E. Tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* n'kudina Enter. Mafoda anu adzaonekera, nthawi zina ali mkati mwa foda yopanda dzina. Akopereni, kenako fomatani fulashiyo.

Mnyamata uja angakhale akulondola ngati Defender akukana kuyaka, ngati ma shortcut akubwerera mutatsuka, kapena ngati Windows ya m'kompyuta yanu ndi yakale. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Zikatero kufomata n'koyenera, mafayilo mutachotsa kale. Mumufunse funso limodzi: Windows ndi Office zomwe aikemo azitenga kuti? Akati ali ndi "crack", pulogalamu yotsegulira mwachinyengo ija, dziwani kuti mukulipira kuti matenda abwerere. Vayirasi yotchedwa STOP/Djvu inafala kwambiri kudzera m'mapulogalamu oterewa. Iyo sibisa mafayilo koma imawakhoma, n'kusiya kalata ya _readme.txt yofuna ndalama, yomwe kawirikawiri inkafuna madola 980, kapena 490 mukalipira m'maola 72. Amene zamugwera asalipire, chifukwa palibe chomukakamiza wakuba kupereka kiyi. Asunge mafayilo okhomedwawo n'kuyang'ana pa No More Ransom, ntchito yomwe Europol, apolisi a ku Netherlands ndi makampani a chitetezo anayambitsa mu 2016, komwe makiyi a mavayirasi ena amapezeka mwaulere. Ngati laisensi ya Office yakula mtengo, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti masanjidwe a kalata amasuntha pang'ono nthawi zina, ndiye muzionetsetsa musanapulinte.

Khomo lolowera matenda pa bizinesi yanu ndi mafulashi a makasitomala, omwe adutsa m'makompyuta a kusukulu, kuofesi ndi m'ma cafe. Auzeni azitumiza pa WhatsApp kapena imelo, makamaka ngati PDF. Wobwera ndi fulashi adikire mphindi ziwiri muisikane, ndipo AutoPlay, yomwe imatsegula fulashi yokha ikangobayidwa, muizimitse pa Settings. Excel ya angongole muziikopera ku Google Drive Loweruka lililonse mukatseka, ndipo kumapeto kwa mwezi muziipulinta n'kuisunga mu envulopu, poti pulinta muli nayo kale.