Funsani Amisiri: Ndaika RAM ya 8 GB, kompyuta ikungoona 4

Funso

Amisiri, ndili ndi shopu yotayipa ndi kusindikiza kufupi ndi msika wa pa Boma. Ndimagwiritsa ntchito Dell OptiPlex 780 ya Windows 7, yomwe ndinagula kwa munthu. Inali ndi RAM ya 2 GB basi, moti ndikatsegula Word pamodzi ndi zithunzi za makadi a ukwati imangoima, makasitomala ali pabenchi kudikira. Achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira timatabwa tiwiri ta RAM, kalikonse ka 4 GB. Mwana wa achemwali anga anachotsa takale n'kuika tatsopanoto. Kompyuta ikuyaka, koma pa System palembedwa Installed memory 4.00 GB, pambali pake 3.25 GB usable. Kodi achimwene anawagulitsa zachinyengo? Kapena kompyutayi yatha, ndisake ina? Ndalama zotaya ndilibe.

*Mayi wa shopu, Mangochi Boma*

Yankho

Amayi, achimwene musawadandaulire kaye, ndipo kompyutayo musaitaye. Mwachita bwino kulemba manambala onse awiri, chifukwa akusonyeza kuti RAM yanu, momwe kompyuta imasungiramo kwakanthawi zomwe ikugwira, ikusowera pa malo awiri osiyana. Windows 7 imalemba RAM yonse imene kompyuta yaipeza poyaka, ngakhale imene iyoyo singathe kuigwiritsa ntchito. Ikanaona timatabwa tonse ikanalemba 8.00 GB. Ndiye kuti ma GB 4 akusowa Windows isanayambe n'komwe, ndipo kutsika kuchoka pa 4.00 kufika pa 3.25 ndi nkhani ina, ya Windowsyo.

Tiyambe ndi zinayi zosowazo. Yatsani kompyuta, ndipo chizindikiro cha Dell chikangooneka dinani F2 mobwerezabwereza mpaka mulowe mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa kompyuta yomwe imayamba Windows isanayambe. Pa System Information mupeza kuchuluka kwa RAM ndi zomwe zili mu mpata uliwonse, DIMM 1, DIMM 2 ndi ina. Mukapeza mpata umodzi uli ndi 4096 MB, unzake womwe munaikamo kathabwa akuti Empty, dziwani kuti kathabwa kamodzi sikakuwerengedwa. Mukapeza mipata iwiri, uliwonse 2048 MB, nkhani yake ndi ina, ndiifotokoza pansipa.

Makompyuta ambiri omwe amabwera pa benchi yanga ndi vuto ili amakhala kuti kathabwa sikanalowe mpaka pansi. RAM ya desktop imafuna kukanikiza ndi mphamvu ndithu, ndipo amene akuika koyamba amaopa kuthyola, ndiye amasiya kali pakati. Mbali imodzi imalowa, inayo ili m'mwamba pang'ono, maso osaona. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta musanakhudze RAM. Chotsani timatabwa tonse. Tigwireni m'mbali, osati pa mano agolide aja.

Musanabwezeretse, yang'anani m'mipatamo ndi tochi. Kuno kwathu fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi chinyezi cha kunyanja limauma ngati phala m'mipata yomwe yakhala yopanda kanthu kwa zaka, ndipo ndimapezamo ngakhale mazira a mphemvu ndi ukonde wa kangaude. Sesani ndi kaburashi kouma kofewa. Mano a RAM apukuteni mopepuka ndi labala yoyera ya pensulo, n'kuchotsa zinyenyeswazi zonse. Madzi, mafuta kapena sandipepa ayi.

Tsopano ikani kathabwa kamodzi kokha mu DIMM 1. Kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka tizogwirira ta m'mbali titseke tokha ndi kuti thwa. Yatsani, lowani mu BIOS, lembani nambala papepala. Zimitsani, zulani pulagi, chitaninso chimodzimodzi ndi kathabwa kenako mu mpata womwewo. Tonse tikaonetsa 4096 MB patokhapatokha, RAM ya achimwene ndi yabwinobwino, ndipo mutiike tiwiri m'mipata ya tizogwirira tofanana mtundu. Zikakanikabe, sunthani kathabwa kamodzi mpata ndi mpata kuti mupeze wakufa. Pa OptiPlex 780 zambiri pali mipata inayi, choncho umodzi ukafa ina ilipo.

Koma mwina kathabwa kena kakakhala kokha sikirini izingokhala yakuda, kompyuta ikulira pi-pi-pi, kapena kazionetsa theka. Apa werengani kapepala komatidwa pa RAM, ndipo muwerengenso tizidutswa takuda ta makona anayi tomwe tili pa kathabwako, mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, ngakhale ogulitsa ena sadziwa.

OptiPlex 780 ndi ya m'ma 2009, ya purosesa ya Core 2 Duo, ndipo chipset chake, Intel Q45, chomwe chili pa bodi yaikulu ya kompyuta n'kumalankhula ndi RAM, chinapangidwa nthawi imene kachidutswa kamodzi ka RAM ya mtundu wa DDR3 sikankaposa 2 gigabit, womwe ndi 256 MB. Kuti 4 GB ikwane pamafunika tizidutswa 16, tisanu ndi titatu mbali iliyonse, ndipo pa kapepala pamalembedwa 2Rx8. Patapita zaka opanga anayamba tizidutswa tikulutikulu ta 4 gigabit, moti 4 GB imakwana ndi tizidutswa 8 tokha, pa kapepala n'kulemba 1Rx8. Zonse ndi DDR3, zonse ndi 4 GB, zonse zimalowa mu mpata bwinobwino, koma bodi yakaleyo sidziwa kuwerenga tizidutswa tikulutikuluto. Imakana kuyaka, nthawi zina imawerenga theka. RAM yotero si yabodza, mu kompyuta ya 2012 kapena 2013 igwira ntchito popanda vuto. Ikakhala imeneyi, pitani nayo kwa okonza makompyuta mukasinthanitse ndi ya 2Rx8, ndipo akayesere pamaso panu. Ambiri amavomera, chifukwa ya 1Rx8 ili ndi msika wake.

Onaninso chilembo chomwe chili kumapeto kwa nambala, monga PC3-10600U. Chilembo U ndiye cha kompyuta wamba ngati yanu. Chikakhala R, imeneyo ndi RAM ya ma server, makompyuta akuluakulu a m'makampani, yomwe imagulitsidwa motchipa m'misika ya zinthu zakale, ndipo mwa inu siyaka zivute zitani.

Wina akuuzani kuti ingokonzani BIOS ikhale yatsopano. Pa vuto la tizidutswali sizithandiza, chifukwa malirewo ali mu chipset, osati mu pulogalamu. Ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito imeneyo bodi ikhoza kuferatu. Popanda UPS, batire losunga magetsi akathima, ine sindimaichita, ndipo inunso musalole.

Tsopano za 3.25 GB. Pa tsamba lomwelo la System, yang'anani mzere wa System type. Ndikukhulupirira kuti palembedwa 32-bit. Windows ya 32-bit imatha kuloza malo okwana 4 GB basi, ndipo pa malowo mbali ina imatengedwa ndi zoonetsera zithunzi ndi zipangizo zina za pa bodi, n'chifukwa chake mumatsala ndi 3 ndi kakuti. Ukapita ku Shire ndi ndowa ya malita 20, ubwera ndi malita 20 ngakhale mtsinje utasefukira. Choncho ngakhale BIOS itaona 8 GB yonse, Windows yanuyo idzangogwiritsa ntchito zomwezo. Mankhwala ake ndi Windows ya 64-bit, ndipo Core 2 Duo imaitha.

Pamenepa ndikuchondererani chifukwa shopu ndiyo chakudya chanu. Kuchoka pa 32-bit kupita pa 64-bit kumafuna kuika Windows mwatsopano, zonse za pa drive C n'kufufutika. Koperani kaye ma CV a makasitomala, makadi, mafonti ndi makalata onse pa flashi kapena pa hard drive ina, ndipo mutsegule angapo kutsimikiza kuti akoperekadi. Musanafufute kanthu, pezani madiraiva, mapulogalamu oyendetsera makina, a 64-bit a pirinta ndi sikana zanu. Makina ena akale alibe, ndipo kompyuta yothamanga yosatha kusindikiza ilibe phindu pa shopu. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Windows 10 pa 14 October 2025, pamene Windows 11 sivomereza purosesa yakale chonchi. Ine ndingaike Windows 10 ya 64-bit, n'kusamala ndi intaneti komanso maflashi a makasitomala.

Mukadzaika 64-bit koma RAM n'kumaperewerabe, lembani msconfig pa Start, pitani pa Boot, kenako Advanced options, muchotse chizindikiro pa Maximum memory ngati chilipo. Pomaliza lembani mdsched kuti Windows iyese RAM yonse musanayambe kuidalira pa ntchito za anthu.

Funso

Amisiri, laputopu yanga ndi Lenovo ThinkPad T60. Ndinaikamo timatabwa tiwiri ta 2 GB, ndipo mnzanga anandiikira Windows ya 64-bit, komabe ikugwiritsa ntchito 3 GB yokha. Ndalakwitsa pati?

*Mphunzitsi, Namwera*

Yankho

Aphunzitsi, simunalakwitse paliponse. T60 ndi ya 2006, ndipo chipset chake cha Intel 945 sichitha kuloza kupyola 4 GB, kuphatikizapo malo osungidwira zipangizo zina. Ndiye 3 GB ndiwo mathero ake, kaya muike Windows ya mtundu wanji. Timatabwato tisiyeni momwemo, sitikuononga kanthu, koma musagulenso RAM ina ya laputopu imeneyi. Ngati ikukuchedwetsani polemba mayeso ndi malipoti a ana, ndalama yotsatira ipite pa SSD, chosungira mafayilo chothamanga, ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 120 kapena 128 GB, yolowa m'malo mwa hard drive yakaleyo. Ikadzatha laputopuyo, SSD mudzaichotsa n'kuiika mu ina.